Masitepe Khumi pa Khomo la Tchalitchi

Mumzinda wina munali bambo wina wojambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Anali katswiri, pamenepo tisamunamizire. Anagwira ntchito pa ofesi imodzi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ofuna kumanga ankabwera akufunsa za iyeyo.

Tsiku lina kunafika akomiti a mpingo wina wa kumudzi, akufuna pulani ya tchalitchi. Bamboyo anawajambulira chinthu chooneka wamba koma choganiziridwa bwino. Anaika khonde lalitali loti amayi azikhalapo mwana akayamba kulira, mazenera akuluakulu oti mphepo izidutsa mu Okutobala, ndi khomo lopanda sitepe kuti okalamba azilowa okha. Akomiti anaiona pa kompyutapo, anakondwa, nati adzaitenga pakatha mwezi njerwa zikapsa.

Masiku omwewo pa ofesipo panalembedwa ntchito mayi wina wongomaliza kumene sukulu, dzina lake Mayi Nankhoma. Mayiyu anajambula holo ya denga lopindika ndi nsanamira zinayi kutsogolo. Bwana ataiona anaitana ofesi yonse, anaisindikiza papepala lalikulu n'kuipachika pakhoma, moyang'anizana ndi desiki ya bambo uja. Zaka zonse zija pulani ya bamboyo inali isanapachikidwepo pakhoma.

Nsanje inamulowa. Ndikunena nsanje yeniyeni, ija yoti mnzako akangotsokomola iwe umati akudzionetsera. Mayi Nankhoma akamupatsa moni, iye ankayankha maso ali kwina. Akabwera kudzafunsa kanthu, ankatembenuza kompyuta kuti asaone.

Pa ofesipo panali lamulo loti Lachisanu lililonse munthu azikopera ntchito yake pa kompyuta yaikulu ya onse, kuti zinthu zikavuta pakhale pobwerera. Iwo ankati bakapu. Bamboyo analeka kutero, ndipo mafayilo ake amene analimo kale anawafufuta. Mumtima ankati kamtsikana aka kazimubera nzeru. Bwana akafunsa, yankho linali loti achita mawa.

Kenako anatsegula pulani ya tchalitchi ija, diso lina lili pakhoma. Ngati mnzake waika nsanamira zinayi, iye aika zisanu ndi chimodzi. Kuti zikwane, anachotsa khonde. Kuti zioneke patali, anakweza nyumba yonse, n'kuwonjezera masitepe khumi pakhomo. Denga analipinda, mazenera anachepa. Akasintha kanthu ankasunga pa fayilo yomweyo, chatsopano chikukwirira chakale. Pulogalamu yojambulirayo inkadzisungira yokha bakapu imodzi basi, ya mmene pulani inalili asanasunge komaliza. Iye ankazidziwa bwino zimenezi, poti ndiye ankaphunzitsa ena.

Mwezi utatha akomiti anabwera m'mawa, atsogoleredwa ndi wapampando wawo, mkulu wina woyendera ndodo. Bamboyo anawatsegulira pulani yatsopano monyadira, mawu akukweza kuti Mayi Nankhoma amve. Mkulu uja anayang'ana nthawi yaitali, akuwerenga masitepe ndi chala.

"Koma bambo," anatero mofatsa, "ineyo ndizikalowera pati?"

Akomiti ananena mosazungulira kuti akufuna yoyamba ija. Njerwa zinali zitapsa, amisiri akudikira, ndipo basi yakwawo inkanyamuka masana. Pulaniyo ikapanda kupezeka, apita kwa wina.

Bamboyo anati asadandaule, bakapu ilipo. Anaifufuza, anaibwezeretsa, n'kuitsegula. Nsanamira zinali zomwe zija, denga lomwe lija, koma masitepe anali asanu ndi anayi m'malo mwa khumi. Ndi pomwe pulogalamu inatha kumubwezera. Anathamangira pa kompyuta yaikulu, anapeza dzina lake lilipo koma mkati mulibe kanthu, monga anasesera yekha. Kujambulanso kukanamutengera sabata yathunthu. Anakhala pansi thukuta lili kamukamu, manyazi atamugwira pamaso pa anthu a kumudzi aja.

Pamenepo Mayi Nankhoma anadzuka pa desiki yake, kafulashi kosungira mafayilo kali m'manja.

"Bambo, mwina ndi iyi. Ndinaikopera sabata yanga yoyamba, musanaichotse. Ndimaitsegula ndikafuna kuphunzira. Mazenera a holo ija ndinaonera kwa inu."

Mayiyo analowetsa kafulashiko pa kompyuta, ndipo tchalitchi chinatuluka chonse, khonde lake, mazenera ake, ndi khomo lopanda sitepe. Mkulu wa ndodo anamwetulira nati ndi yomweyo. Koma bamboyo maso anali pakhoma. Mazenera ake anali atapachikidwa pamenepo mwezi wathunthu, moyang'anizana naye, iye akungowerenga nsanamira.

Abale ndi alongo, palibe wakuba analowa mu ofesi imeneyo, ndipo kompyuta sinawonongeke. Munthuyu anafufuta mphatso yake ndi dzanja lake lomwe, pang'onopang'ono, akuyang'ana pa mnzake. Nsanje imagwira ntchito choncho. Lero uchotsa khonde, mawa uwonjezera sitepe, mpaka anthu amene Mulungu anakupatsa kuti uwatumikire akanika kulowa. Ndipo ukafuna kubwerera ndi mphamvu zako, umangobwerera sitepe imodzi.

Koma mmene Mulungu anakupangirani poyamba, Iye sanataye. Anasunga. Chowawa chake n'choti nthawi zambiri amakubwezerani kudzera m'manja mwa munthu amene simumuyankha moni. Inu mukumudziwa dzina lake. Mwina wakhala pa benchi yomweyo. Musadikire kuti iyeyo ndiye ayambe kudzuka.