Mapepala Awiri Pansi pa Mpando

Panali dalaivala wina wa lole, munthu wachikulire, amene ankanyamula kabichi kuchokera kumapiri kupita naye kumsika wa m'tauni. Ankayenda usiku kuti kabichiyo asafote. Koma maso ake anali atayamba kutopa. Pagulaye pena, tsiku ndi tsiku, ankakumana ndi lole yofiira ikukwera mtunda, ndipo nyali zake zinkamuthobwa m'maso mpaka msewu wonse kusowa. Kawiri konse anangotsala pang'ono kugunda wanjinga. Mkuluyu ankaopa kwambiri kuti tsiku lina adzapha munthu.

Anakadandaula kwa makanika wina wokonda kuyesayesa zinthu. Makanikayo anatulutsa timapepala tiwiri tapulasitiki totuwa. Dalaivala anasuzumira pa kamodzi, kunja kunaoneka. Anasanjikizapo kachiwiri, kunaonekabe. Atangokatembenuza kuti kapingase kanzake, bii, mdima. Anatembenuza, kutembenuzanso, mpaka kuiwala chimene anabwerera.

"Zikutheka bwanji, amisiri?" anafunsa.

"Muli timizere tosaoneka ndi maso," anatero makanika. "Kuwala kumene kumadutsa n'kogwirizana ndi timizereto kokha. Nali pepala lina lalikulu. Limeneli muike pagalasi lakutsogolo, awiri ang'onowa panyali zanu, timizere tonse tipendekere kumanja. Kuwala kwanu muzikuona. Koma galimoto ziwiri zikayang'anizana, kumanja kwanu ndi kumanzere kwa mnzanu. Timizere tipingasana, nyali zake zizirala m'maso mwanu, zanu m'maso mwake. Wa lole yofiirayo ndimupatsanso ake."

Madzulo dalaivala anaika mapepala onse atatu. Atayatsa, anaona kuti nyali zake zachepako mphamvu. Anati mumtima mwake, "Kodi nyali zangazi zinayamba zandithobwapo ine?" Anamatula awiri a panyali aja n'kuwaponya pansi pa mpando. La pagalasi ndiye analipukuta bwinobwino.

Pagulaye paja, lole yofiira inamuthobwa ngati kale.

M'mawa anafika kwa makanika atalusa. Makanika anangomwetulira. "Pepani bambo. Mnzanu uja wangochoka kumene pano, mawu ake ndi omwewa. Ake a panyali akuti ali pansi pa mpando. Nanga anu ali kuti?"

Mkuluyo manyazi anamugwira. Anapita kulole, anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kumata mapepala aja panyali zake.

Usiku umenewo anathobwedwabe. Wotsatira chimodzimodzi, ndipo dzanja linkamuyabwa kuti awamatulenso. Chimene sankadziwa n'chakuti mnzake uja, masiku awiri onsewo, anadutsa pagulaye maso ali bwinobwino, ndipo anazindikira amene wamuchitira zimenezo.

Usiku wachitatu lole yofiira inatulukira, nyali zake zili ngati makala awiri otsala pang'ono kuzima. Msewu wonse unkaoneka. Ndipo m'mphepete, pamene masiku onse pankakhala mdima wokhawokha, panali bambo akukankha njinga, mkazi wake wodwala atamukhazika pakaliyala. Dalaivala anawapatukira, n'kuwadutsa bwino.

Inu amene mukundimvera pano, aliyense ali ndi munthu amene amakumana naye pagulaye tsiku lililonse, kaya kunyumba, kaya kuntchito, ndipo mumati amakuthobwani. Pepala lokutetezani inu munaika kalekale, zimenezo sindikukayika. Lomuteteza iyeyo ndi limene ndikufunsa. Likhoza kukuchepetserani kuwala pang'ono, ndipo mwina mudzathobwedwabe masiku angapo iye asanasinthe. Komabe mukafika kwanu lero, pisani dzanja pansi pa mpando.