Maginito Pamaso pa Apongozi

A Likoswe, chimphona cha m'dera lathu, anandigwira pakhosi pagalaja. "Iwe Fulaye, apongozi anga akugula galimoto yangayi. Ulumbire kuti chitsekochi n'chitsulo chokhachokha, apo ayi ndikuswa."

Chitsulo chake chiti? Titachotsa zogwirira zadzimbiri, mabowowo ndinawatseka ndekha ndi fila, phala lomatira galimoto, ngati ndikumata nkhokwe.

Apongoziwo atafika ndinati, "Bambo, ine bodza langa ndi lotchuka. Funsani maginitowa, amakakamira pachitsulo pokha."

Mkuluyo anawaika pachitseko, maginito pansi phi. Anayesanso, phi.

"Mkamwini, tanditolerani."

Chimphona chinagwada, n'kupereka maginito ndi manja awiri, thukuta kamukamu. Pamaso pa apongozi sipamenyedwa munthu, choncho mkuluyo ndinawaperekeza mpaka kumudzi kwawo. Ndikadali komweko, ndikuwapalirira chimanga.