Utsi Umene Unasamukira Kumtunda

Kunali munthu wina, Bambo Chikadza, amene ntchito yake inali yokonza njira ndi masiku oyendera sitima zapamadzi zonyamula katundu. Munthuyu ankadana ndi utsi koopsa. Ankati utsi wa mainjini ndi umene ukusokoneza mvula, ndipo sankanama.

Chaka china anapatsidwa sitima yodzaza ndi feteleza wa alimi a kwawo. Podziwa kuti sitima ikamayenda pang'onopang'ono imamwa mafuta ochepa, analamula kaputeni kuti achepetse liwiro. Kaputeni anamukumbutsa kuti kudoko kuli sitima yapamtunda imene ikudikira katunduyo, ndipo ili ndi tsiku lake lonyamukira. Chikadza anayankha kuti iye ndi wa pamadzi, za kumtunda zili ndi eni ake.

Sitima inafika mochedwa ndi masiku asanu ndi anayi, itapulumutsa mafuta ambirimbiri. Mabwana anamuombera m'manja. Munthu uja anayamba kuyenda monyang'wa.

Sabata yotsatira ananyamuka ulendo wa kumudzi kuti abale akamvenso za nzeru zake. Atayandikira chipata cholowera m'dziko la kwawo, anapeza mdipiti wa malole, kumapeto kwake osaoneka, mainjini akulira, utsi uli tolotolo. Amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anali atatseka mphuno ndi zitenje, ana kumbuyo akutsokomola. Chikadza anapsa mtima. Anatsika m'galimoto n'kufunsa dalaivala wina kuti ndani wopanda nzeru amene watulutsa malole onsewa nthawi imodzi.

Dalaivalayo anati, "Ndi feteleza uyu, bwana. Sitima yapamadzi inachedwa, yapamtunda inatopa kudikira n'kupita ndi katundu wina. Kumudzi chimanga chamera kale, ndiye atiitana tonse, malole mazana atatu. Akuti kuofesi kuli mkulu wina amene amadana ndi utsi."

Chikadza anakhala pansi pafumbi pomwepo, suti ili m'thupi, malole ake akumudutsa imodzi imodzi.

Abale anga, nkhaniyi imandiopsa chifukwa munthuyu sanali woipa. Ankafuna zabwino, koma anayeretsa pakhomo pake pokha, zinyalala n'kukankhira kwa mnzake. Inunso musanadzitame kuti mbali yanu mwaikonza, pitani mukaone kumene ntchito yanu ikuthera. Mwina kumeneko kuli mwana amene akutsokomola chifukwa cha inu.