Nyimbo za Kuseri kwa Kaseti

Kalekale, m'masiku amene kaseti inkabwezedwa ndi bolopeni kuti mabatire asathe, ku Bangwe kunali gulu loimba lotchedwa Njenjete. Anali anthu anayi: Yotamu woimba, mwini gitala yofiira, Batumeyo wa ng'oma, Esinala wa besi, ndi Daitoni wa gitala yachiwiri. Ankaimba roko, koma roko yawoyawo, yaukali, yomwe akuluakulu a mpingo ankati ndi chigayo chogaya miyala. Mwini situdiyo anali munthu wodziwa malonda. Nyimbo zofatsa, zovinira pa ukwati, ankaziika kutsogolo kwa kaseti, ndipo zimene a Njenjete ankazikonda ndi mtima wonse ankazikankhira kuseri. Zina sizinatuluke n'komwe, zinangounjikana m'katoni. Ine ndikuuzani mosaopa munthu kuti nyimbo zenizeni zinali za kuserizo.

Gululo linatha pamene Daitoni anapeza ntchito yoimbira alendo m'hotela ku Lilongwe, n'kupita osatsazika. Yotamu anali wa mtima wapachala. Ananyamula katoni ija n'kuiponya pamapazi pa Batumeyo.

"Katenthe. Ndisadzazimvenso," anatero.

Gitala yofiira anaipachika pakhoma, n'kuyamba ukalipentala. Mwana wake wamkazi, Mtisunge, anakula osamvapo bambo ake akuimba, ngakhale kung'ung'udza posamba. Gitalayo ankangoipukuta fumbi Loweruka, ndipo ankadziwa kuti kukhudza mawaya ake ndi mlandu.

Patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri, Yotamu anagwa ali ndi sowo m'manja. Anabwera kuchokera kuchipatala dzanja lamanja litafa, pakamwa pali tsekee. Dokotala anati lilime likhoza kubwerera ngati mwini wake akufuna, koma mwini wakeyo sankafuna. Anatembenukira kukhoma, phala n'kumabwerera m'mbale momwe lalowera. Mtisunge ankaona bambo ake akutha tsiku ndi tsiku, ndipo mantha anamugwira, pakuti amayi ake anali atamwalira kale ndipo analibenso wina. Anaitana Batumeyo ndi Esinala, Daitoni n'kumuimbira foni, ndipo onse atatu akumva, mtsikanayo analankhula misozi ili mbwembwembwe.

"Amene adzawadzutse ababa, gitala yofiira ija ndi yake."

Ananena osaganiza za mawa. Koma walira mvula walira matope.

Batumeyo anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, ine ndili ndi tchimo." Tsiku limene anauzidwa kuti atenthe makaseti, iye anasonkha moto wa zitsononkho, n'kuponyapo mapatapata akale kuti utsi ununkhe pulasitiki. Yotamu ananunkhiza ali patali, nakhutira. Katoni ija Batumeyo anaibisa kudenga, ndipo kwa zaka zonsezo ankadya ndi mnzakeyo m'mbale imodzi bodza lili m'kamwa. Chaka china mvula inagwa masiku anayi osakata, madzi n'kulowa m'nyumba mwake mpaka m'chiuno. Mutu unali umodzi, katundu muwiri: ng'oma zake ndi katoni. Anasenza katoni. Ng'oma zinapita ndi madzi, ndipo kuyambira pamenepo Batumeyo ankaimba pa ndowa ndi patebulo basi. Ataulula tchimolo, m'mawa mwake anafika nayo katoniyo kwa Mtisunge pa njinga, ataikulunga m'thumba la feteleza.

Atatsegula, Mtisunge anafooka. Makaseti anali atachita chuku, tepi itamatana, ina itaduka, ina itadyedwa ndi mphemvu. Esinala, amene tsopano ankakonza mawailesi mumsika wa Limbe, anangoyang'ana kamodzi n'kunena, "Zibweretseni kuno, musazigwirenso ndi manja a mafutawo." Anatseka benchi yake milungu itatu, makasitomala ake n'kusamukira kwa mnzake wa pafupi. Kaseti iliyonse anaimasula, tepi n'kuipukuta pang'onopang'ono ndi thonje la sipiriti, moduka n'kulumikiza ndi kyuteksi wopaka m'zikhadabo, kenaka n'kuipota ndi bolopeni ngati kale. Maso anafiira, msana unauma. Anapulumutsa nyimbo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kuziika m'foni. Ndipo popeza ankamudziwa Yotamu kuti sankalola cholakwa, anadula zonse zosafunika: kutsokomola, mikangano, ndi paliponse pamene wina anaphonya. Zidutswazo anazitaya m'chitini cha mkaka pansi pa benchi.

Mtisunge anaika foni pafupi ndi khutu la bambo ake. Aka kanali koyamba kumva mawu awo akuimba, ndipo iye mwini analira ngati mwana. Yotamu anatsegula maso. Anachotsa nkhope kukhoma, msozi n'kutsikira m'khutu. Koma sanalankhule, ndipo phala anangomeza masipuni awiri n'kutsekanso pakamwa.

Daitoni anafika pa mlungu wachinayi, dzuwa lili pamutu, atanenepa ngati mwini butchala, tikiti ya basi yobwerera ili kale m'thumba. Mtisunge anamulandira ndi mkwiyo, pakuti ankadziwa kuti uyu ndiye anathetsa gulu. Daitoni sanapepese munthu. Anakhala pa mpando, anamvera nyimbo zitatu, napukusa mutu.

"Esinala, wachapa mpaka nsalu yatha mtundu. A Njenjete sitinali oyera chonchi ife."

"Unali kuti pamene ndinkachapa?" anatero Esinala.

 Daitoni anaimirira, n'kutsitsa gitala yofiira pakhoma.  Mkuluyo anachotsa mawaya adzimbiri, anaika atsopano amene anabwera nawo, kenaka anati, "Mwana wa Yotamu, tiikire ija ya Basi Yandisiya."

Tsono nyimbo imeneyi ili ndi malo pakati pamene zida zonse zimakhala chete, oimba n'kuwerenga chamumtima mpaka kanayi, kenaka onse n'kugwera pamodzi. M'masiku akale Daitoni sankatha kudikira. Ankalowa pa chitatu, yekhayekha, ngati mbuzi yolowa m'tchalitchi, ndipo ankatukwanidwa nazo tsiku lililonse. M'foni muja Esinala anali atapakonza bwinobwino pamalopo. Daitoni anayamba kuimba motsatira foni. Nyimbo inafika pa chete paja. Wani. Thu. Ndipo pa fili gitala yofiira inalira yokha, mokweza, mochititsa manyazi.

Bedi linagwedezeka.

"Wafulumira, galu iwe! Werenga mpaka folo!"

Mawuwo anatuluka opindika, olemera, koma aliyense anawamva. Anali a Yotamu. Anadzuka ndi chigongono chamanzere, maso ali psuu, akupuma ngati wathamanga. Batumeyo anagwa pansi ndi kuseka. Mtisunge anagwada pambali pa bedi, osakhulupirira.

"Ababa, mwalankhula?"

"Bweretsa phala," anatero Yotamu. "Ndipeze mphamvu. Sindinathane naye uyu."

Amati tsobola wakale sawawa, koma uyu anawawa. Yotamu anamaliza mbale yonse tsiku limenelo, ndipo pa mwezi umodzi ankakhala pakhonde n'kumakangana ndi odutsa. Atamva kuti zolakwa zinadulidwa, analamula kuti zibwezeredwe, Esinala n'kukhuthula chitini chija ndi kulumikizanso chidutswa chilichonse, akung'ung'udza. Nyimbo zonse khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinatuluka pamodzi, ndi kutsokomola komwe, ndi "galu iwe" wa kale womwe, m'chimbale chotchedwa Kuseri kwa Kaseti. Achinyamata amene anabadwa gulu litatha kale anayamba kufunsa kuti anthu amenewa anali kuti nthawi yonseyi.

Koma lonjezo siliola. Lamulungu lina masana, Daitoni atabweranso, onse atatu anakhala pakhonde, gitala ili pamiyendo ya Mtisunge.

Batumeyo anayamba. "Popanda ine bwenzi pali phulusa. Ndinataya ng'oma zanga chifukwa cha katoni imene ija. Esinala akanapukuta chiyani? Daitoni akanatsatira chiyani?"

"Unasunga chuku, achimwene," anatero Esinala. "Ndiponso unamunamiza mnzako zaka makumi awiri. Chimene unabweretsa sichikanalira ngakhale m'wailesi ya mfiti. Amene anachotsa nkhope ya Yotamu kukhoma ndine. Makasitomala anga mpaka lero sanabwerere."

Daitoni anatambasula miyendo. "Nonse mwagwira ntchito, sindikukana. Koma mwana anati amene adzawadzutse. Wina anasunga, wina anachapa, munthu anali gone. Ndiponso iwe Esinala, mankhwala enieniwo unawataya m'chitini. Ine ndinadziwa pamene pamamuyabwa, n'kulakwa dala."

"Dala!" Esinala anawomba m'manja. "Ndinakuona nkhope ine. Unadzidzimuka wekha! Sunathepo kuwerenga mpaka folo chibadwire. Tikupatse gitala chifukwa cha umbuli?"

Daitoni analumbira kuti anachita dala, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa zoona zake.

Mtisunge anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, gitala ndi yanu. Nenani inuyo."

Yotamu anayang'ana dzanja lake lakufa lija, limene silidzagwiranso waya, kenaka anayang'ana mwana wake. "Ine ndinali gone, sindinaone kanthu. Unalonjeza ndiwe. Koma usaipachikenso pakhoma. Yakhala chete mokwanira."

Mtima wa Mtisunge unagawanika patatu. Akayang'ana Batumeyo, ankaona manja amene akhala akuimba pa ndowa chifukwa cha nyimbo za bambo ake. Akayang'ana Esinala, ankakumbukira kuti mayi ameneyu ndiye anamupatsa mawu a bambo ake koyamba m'moyo wake. Daitoni ndiye Mtisunge sankamukonda, ndipo sankabisa. Mkuluyo anabwera mochedwa, anakhala masana amodzi, sanataye kalikonse koma mawaya asanu ndi limodzi. Komabe bambo ake anali pakhondepo, amoyo, akutafuna chinangwa, chifukwa cha kulakwa kwa munthu ameneyo. Gitala siidulidwa patatu ngati mkate, ndipo onse atatu anali atatambasula manja.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyang'ane ine, ndafika pamene ndimafuna. Mtisunge akudikira pakhonde paja. Aipereke kwa ndani gitala yofiira: kwa Batumeyo amene ananama n'kusunga nyimbo, kwa Esinala amene anaziukitsa koma n'kudula pofunika penipeni, kapena kwa Daitoni amene analowa pa fili, kaya mwadala kaya mwa umbuli wake wakale?