Golide wa M'mimba mwa Lufeyo

Pa chionetsero cha miyala yamtengo wapatali anaika kamwala ka golide m'bokosi lagalasi. Kanali kakang'ono ngati nzama, koma akuti mtengo wake ungagule minibasi. Mkulu wa alonda, a Chikwekwe, anaitanira pambali mlonda wawo, Lufeyo.

"Kagolide kaja undibweretsere. Ukalephera, ntchito yatha."

M'mawa mwake Lufeyo anafika atagwira pamimba. "Bwana, m'bokosi muja ndaikamo mwala wopaka penti. Weniweniyo ndameza, poti pageti amasecha."

"Ndiye mutulutse!"

"M'mimba mwa njala mungatuluke chiyani, bwana? Pamafunika chokankha."

A Chikwekwe anamutengera kwawo. Anamuphera nkhuku, kenako bakha, kenako mbuzi ya akazi awo. Lufeyo akangoti, "Mwina tsopano," iwo ankamutsatira kuseri ndi sefa, mphuno atamanga mpango.

Chionetsero chitatha, eni ake a golideyo anabwera ndi makina n'kuyeza kamwala kaja alonda onse akuona. Kanali kenikeni ndithu.

A Chikwekwe ananong'ona akukukuta mano: "Nanga unameza chiyani, galu iwe?"

"Mbuzi ya amayi, bwana. Ndikaitane apolisi muwafotokozere?"