Hutala ya Lachisanu

Panali munthu wina, Bambo Yesaya Kamtedza, mlembi wa mpingo. Anali ndi mlongo wake, Mayi Dailesi, ndi mayi awo okalamba, Mayi Nangondo, amene maso awo anali atachita khungu. Mwinimbumba anali Bambo Gwedeza, malume awo.

Malemu Bambo Kamtedza aakulu, mwamuna wa Mayi Nangondo, anali woyendera sukulu za mishoni. Ankachoka Lolemba m'mawa pa galimoto yawo yobiriwira, n'kubwera Lachisanu dzuwa litapendeka. Akafika pamlatho wa kumunsi kwa mudzi ankaliza hutala, ndipo Mayi Nangondo akamva ankateleka madzi osamba. Atamwalira bamboyo, galimoto inakhala kuseri kwa nyumba zaka zambiri. Matayala anaphwa. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo.

Bambo Yesaya atapuma pantchito anaganiza zoidzutsa. Anapala dzimbiri ndi manja awo. Anayenda m'magalaja a m'tauni kufunafuna zitsulo zimene achinyamata sankazidziwa n'komwe. Mipando anakaisoketsa kwa wosoka nsapato, injini inalira, ndipo pomalizira anaipaka penti wobiriwira wonga wakale uja. Pamene pentiyo ankauma, chilimwe chinali chitafika.

Munthuyu ankadziwa zimene dzuwa la Okutobala limachita. Limasuwitsa penti, limang'amba mipando, limaumitsa mphira. Choncho anamanga chisakasa cha udzu nalambula mozungulira kuopa moto wa osaka mbewa. Anakana kuiika pansi pa mtengo wa mango, podziwa miyala ya ana. Mpaka apa anachita mwanzeru. Koma mtima wake sunakhazikike. Anachotsa batire nakaitsekera kuchipinda. Anakweza galimoto panjerwa. Kenaka anatenga pepala lakuda la pulasitiki, lija alimi amafunditsira fodya, naikulunga yonse mpaka pansi, namanga ndi linya mfundo zolimba.

"Pasapezeke womasula," anatero. "Tidzaivundukula chikagwa chizimalupsa, fumbi litagona."

Mayi Nangondo sanapemphe kukwera. Madzulo ena ali pakhonde anangoti, "Yesaya, akuti yadzuka. Tandilizire hutala ija ndiimveko."

"Amayi, batire ndachotsa. Dikirani mvula."

"Mvula ndi ine tinapangana liti, mwanawe?"

Iye anaseka pang'ono, nalowa m'nyumba. Lachisanu lililonse mayiwo ankapempha kuti awatulutsire mpando pakhonde. Ankakhala atatchera khutu kumlatho mpaka mthunzi wa nyumba utafika pamsewu, kenaka ankapempha ndodo yawo. Chakudya chinayamba kubwerera m'mbale. Mayi Dailesi ankaona zonsezi.

Tsiku lina masana, mlongo wake ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, Mayi Dailesi anatenga mpeni nadula linya lija. Atakoka pepala, kunatuluka mpweya wotentha wonunkha chinyontho. Dzuwa lolowera cham'mbali linali litaphika pulasitiki, ndipo pulasitiki inali itamatirira penti. Padenga pa galimoto panali matuza okhaokha. Pampando wakumbuyo makoswe anali atamanga chisa.

Sanaime kuti alire. Anagwira mayi ake padzanja, nawakhazika kutsogolo. Gogoyo anapapasa chiwongolero mpaka anapeza pakati pake, nakanikiza ndi chikhatho. Kunali zii. Anakanikizanso.

"Yafa kodi?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Achimwene anaitsekera mawu kuchipinda."

Bambo Yesaya atabwera n'kuona linya lodulidwa, sanalankhule ndi mlongo wake. Anapita kwa Bambo Gwedeza kukadandaula kuti lamulo la pakhomo laphwanyidwa. Malumewo anabwera m'mawa mwake, nazungulira galimoto, nakhudza matuza aja ndi chala. Atakhala pansi anafunsa:

"Yesaya, galimotoyi unaidzutsira yani?"

"Kukumbukira bambo, amalume."

"Nanga wowakumbukira kukuposa iwe ndani pakhomo pano?"

Bambo Yesaya anayang'ana pansi.

Pamenepo Bambo Gwedeza anagamula. Mayi Dailesi analakwa kudula mfundo za mwini osauza wamkulu aliyense, ndipo apepese. Chisakasa chikhale, pakuti mthunzi wolowa mphepo ndiwo unkafunika. Pepala lakuda lisabwererenso. Pamwamba pafunditsidwe nsalu yopepuka, yovundukula tsiku ndi tsiku. Batire ibwerere m'malo mwake. Ndipo Lachisanu lililonse, kutentha kukachepa, galimoto itsike kumlatho, ikalize hutala, ibwere kunyumba.

Mayi Dailesi anagwada napepesa. Bambo Yesaya anayang'ana denga lowonongeka lija, kenaka anati, "Ndamva, amalume."

Lachisanu lotsatira anaitsitsa panjerwa. Inatuluka ndi matuza ake, fumbi likuithira. Pamlatho hutala inalira, mawu okhuthala, osasa pang'ono ngati kale. Mayi Nangondo anadzuka pampando popanda ndodo.

"Dailesi, teleka madzi," anatero. "Bambo ako afika."

Anaimva masabata ochepa okha. Chizimalupsa chinagwa atagona kale kumanda, pambali pa mwamuna wawo.

Tsono inu amene mukundimva, musaganize kuti ndikunyoza kusamala. Ine ndinaleredwa ndi belu la mishoni, ndipo pakhomo popanda lamulo sindipakonda. Chisakasa chinali chabwino, kulambula kunali kwabwino. Koma pali kusunga kwina kumene kumachokera m'mantha, ndipo kumawononga chinthu chomwe chikusungidwacho, mwini wake osaona chifukwa waletsa ngakhale maso ake kusuzumira. Ena mwa inu mwakulunga chotero ana anu. Ena mwasungira makolo anu ulendo wokawaona, mawu abwino, chikhululukiro, mukuti mudzapereka nyengo ikakhala bwino. Nyengo ili ndi mwini wake, ndipo sanakuuzeni kuti wokhala pakhondeyo adikira mpaka liti.

Mlandu uja unagamulidwa, ndipo Bambo Yesaya Kamtedza anavomera mayi ake akali ndi makutu akumva. Pitani mukamasule mfundo zanu Lachisanu lisanafike.