Dzira la Ndaziona

Panali mayi wina amene anatengedwa chitengwa, nakakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Anali ndi ana atatu: mtsikana wachisamba dzina lake Ndaziona, ndi anyamata awiri. Kumudziko kunali lamulo loti mazira amadya ndi abambo okha. Amene analiika palibe ankamudziwa. Mnyamata akadya dzira, ankati adzakhala wakuba. Mtsikana akadya, ankati sadzabereka. Abambo akadya panalibe chonena, ankangonenepa.

Nkhuku za pakhomopo ankaweta ndi Ndaziona. Ndiye ankazitsekulira m'mawa, kuzithirira madeya ndi kupirikitsa kabawi. Thadzi lililonse ankalidziwa ndi malo amene limaikira. Koma anakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri kukoma kwa dzira osakudziwa.

Pa Khrisimasi iliyonse kunkabwera alamu ake a mayiyo, akulu ake a mwamuna wake. Ankalawirira ndithu, nakhala pampando pakhonde, ndipo mazira onse a sabata imeneyo ankakazingira iwowo ndi mng'ono wawo. Ana ankalandira tiyi ndi buledi wopanda kanthu. Chaka china mayiyo anapeza Ndaziona kuseri kwa khitchini akupukuta chiwaya ndi chala n'kumanyambita. Mwanayo ataona mayi ake anagwada n'kuyamba kupepesa ngati waba. Mayiyo sanamukalipire. Koma zimene anaonazo zinamuwawa kwambiri, ndipo anazisunga mumtima chaka chathunthu.

Khrisimasi yotsatira mayiyo anadzutsa ana dzuwa likutuluka. Anakoleza mbaula, nadula buledi zidutswa zisanu ndi chimodzi. Mnyamata wamkulu anamupatsa kakapu koti aziboolera pakati pa chidutswa chilichonse. Wamng'ono anapatsidwa ntchito yopaka majarini, ngakhale wambiri anathera pamphuno. Ndaziona anaduladula tomato wofiira ndi masamba a anyezi obiriwira kuti mbale zioneke kuti lero ndi tsiku lalikulu. Buledi atayamba kufiirira pachiwaya, mayiyo anatulutsa mazira asanu ndi limodzi.

"Aliyense aswe lake, athire pabowopo," anatero.

Ana anayang'anana. Anyamata sanadikire kuuzidwa kawiri. Ndaziona anagwira lake nthawi yaitali, mpaka mayi ake anamugwira dzanja n'kuswa naye limodzi.

Alamu aja anafika, nakhala pamalo pawo pa chaka ndi chaka. Mayiyo anagwada, nawapatsa madzi osamba m'manja. Kenako anawaikira chidutswa chimodzi chokhala ndi dzira limodzi, chimodzimodzinso mwamuna wake. Ana anawayalira mphasa pabwalo pomwepo, aliyense ndi mbale yake. Sanawabise kukhitchini ayi.

Alamu anayang'ana mbale yawo, nayang'ana za ana.

"Mlamu, zimenezi ndiye za kuti? Chotsani mbale ya mtsikanayo. Mukufuna kutiphera mtundu?"

Mwamuna wa mayiyo anangoti maso mu tiyi, ngati mwagwera ntchentche.

Mayiyo ankadziwa bwino kuti mkazi wa chitengwa akayankha akuchimuna, angathe kumumangira katundu tsiku lomwelo. Mantha anali nawo, tisaname. Koma atacheuka anaona Ndaziona ataimirira kale, mbale ili m'manja awiri, akupita kukaipereka kwa bambo ake aakulu. Sankalira. Sankanyinyirika. Ankaona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Chimenecho ndicho chinamutentha mayiyo mtima kuposa mawu a alamu ake.

"Khala pansi, Ndaziona," anatero. Ndipo ali chigwadire anati, "Pepani alamu. Nkhukuzi amazidyetsa ndi mwanayu. Lero adya. Ngati ndi mlandu, ukhale wanga."

Atatero anakakhala pamphasa pakati pa ana ake, natenga chidutswa chake. Nayenso chibadwire anali asanalawepo dzira. Anachiluma chidutswacho, alamu ake akuona. Madzi achikasu a dziralo anayenderera pachibwano, iye osapukuta.

"Idya, mwanangu."

Ndaziona anakhala pansi. Anadya pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, dziralo n'kumalizira. Kabuledi kozungulira kaja kanatuluka pabowo ndi kamene anapukutira mbale, ndipo ulendo uno sanapepese kwa munthu.

Alamu ananyamuka mokwiya, tiyi anamusiya wosamwa. Koma dzira lawo anali atamaliza kale.

Masana ake mayiyo anamanga yekha zovala zake pachitenje, nakhala pakhonde kudikira woti adzamuuze kuti azipita kwawo. Dzuwa linapendeka, palibe anabwera. Kuchitsime ankamutchula wamwano mpaka nthawi yokolola, iye n'kumangotunga madzi ake. Lamulungu lotsatira Khrisimasiyo mwamuna wake anamufunsa monong'ona ngati buledi uja angamupangenso. Mayiyo anati inde, koma mbale zikhala zisanu.

Tsono inu amene mukundimva, musaseke alamu aja ayi, chifukwa ambirife tili ngati iwowo. M'nyumba mwanu muli mbale imene mwana amabweza yekha osauzidwa, poti tinamuphunzitsa kuti zabwino si zake. Mwina si dzira. Mwina ndi sukulu, mwina ndi mwayi woyankhula akulu akakhala pansi. Lamulo lotero mulifunse kuti analiika ndani, ndipo muone amene likumunenepetsa. Kugwada gwadani, ulemu sindikuletsa. Koma mbale ya mwana musapereke. Akakutchulani amwano, alekeni atchule. Ndipo poti mwana sadya chimene akuona kuti mayi ake akuchiopa, muyambe ndinu kuluma, iye akuona.